Chitseko n'chokiya, kiyi ali mkati: wakupha watulukira pati?

Munthu wapezeka atafa m'chipinda mwake. Chitseko n'chokiya ndipo kiyi ali pa loko cha mkati. Mazenera ndi otseka, nawonso cha mkati. Denga ndi lathunthu, pansi mpolimba, palibe malo oti ngakhale mwana n'kubisala. Koma bala limene lamupha lili kumsana kumene dzanja lake silikanafika, ndipo mpeni sukuoneka. Wamupha ndani, nanga watulukira pati?

Kwa zaka zoposa 180 tsopano, alembi a nkhani zofufuza milandu akhala akufunsa funso limodzimodzili. Mngelezi wina wokonda mabuku, Robert Adey, anakhala pansi n'kuyamba kulemba m'kaundula nkhani iliyonse yotere imene anaipeza, pamodzi ndi yankho lake. Buku lake, Locked Room Murders, linatuluka mu 1979, ndipo pamene ankalitulutsanso mu 1991 munali nkhani zoposa 2,000. Ambirife tinakulira mabuku a James Hadley Chase ndi a Pacesetters, momwe mlandu umayenda ndi mfuti, liwiro ndi ndalama. Nkhani za chipinda chokiya zili ndi kakomedwe kena. Zimakukhazika pansi, kukuonetsa khoma lililonse ndi msomali uliwonse, kenako n'kukuuza kuti zimene waonazo sizingatheke koma zachitika. Ndimazikonda kwambiri, ndipo chimene chimandizunguza mutu n'chakuti pa zikwi zonsezo, zimene zimatsalira mumtima n'zowerengeka. Zambiri umatseka buku n'kuiwala. Ndikuchenjezeretu kuti nkhani zingapo zakalekale ndiulula mathero ake, chifukwa luso limeneli silikambika popanda kulitsegula m'kati. Zina ndizisiya zotseka.

Pali pangano pakati pa mlembi ndi wowerenga, ndipo popanda panganoli palibe masewera. Mlembi amalonjeza kuti palibe mzimu, palibe matsenga, ndiponso kuti chilichonse chofunika kuti upeze yankho wachiika pamaso pako. Wansembe wa Katolika wa ku England, Ronald Knox, amene ankalembanso nkhani zoterezi, anaika malamulo khumi mu 1929. Limodzi linaletseratu zamizimu, lina linati khomo kapena chipinda chobisika chisapose chimodzi. Tinkachita zomwezi tili ana madzulo. Wina akati “Ndagi!” ife “Gize!”, iye n'kuti “Nyumba yanga yopanda khomo.” Ukalephera n'kumva kuti ndi dzira, sukangana naye, chifukwa dzira umaliona tsiku ndi tsiku ndipo mawu ake sananame pena paliponse. Nkhani ya chipinda chokiya ikakhala yabwino, yankho lake limakugwira chimodzimodzi: umadzimenya pachipumi, osati kumutukwana mlembi.

Amene amawerenga Baibulo la Akatolika anakumana kale ndi nkhani yotere, mwina osaizindikira. Ili pa mutu 14 wa buku la Danieli, mutu umene m'Mabaibulo ena mulibe. Ku Babiloni kunali fano lotchedwa Beli, ndipo tsiku lililonse ankalipatsa ufa, vinyo ndi nkhosa 40. Mfumu inkakhulupirira kuti fanolo limadyadi. Danieli anakana. Ansembe ake, omwe analipo 70, anauza mfumu kuti iike yokha chakudya, itseke chitseko ndi kudindapo chidindo chake. Ansembe atatuluka, Danieli anawazitsa phulusa pansi ponse m'kachisimo, mfumu yokha ikuona. M'mawa chidindo chinali chosakhudzidwa, koma chakudya chitatha psiti. Mfumu inayamba kutamanda Beli, koma Danieli anaigwira kuti isalowe, n'kuiuza kuti iyang'ane pansi. Panali mapazi a amuna, akazi ndi ana. Ansembe anali ndi khomo lawo lobisika pansi pa tebulo. Khomo lobisikalo silindisangalatsa, ndi yankho lophweka kuposa onse. Chimene chimandikoka ndi phulusalo. Mfumu inkayang'ana pa tebulo ndi pa chidindo, Danieli ankayang'ana pansi.

Ambiri amati mtundu wa nkhanizi monga tikuudziwira lero unayamba ndi Edgar Allan Poe, amene mu 1841 anasindikiza The Murders in the Rue Morgue m'magazini ina ya ku Philadelphia. Mayi ndi mwana wake wamkazi aphedwa mwankhanza m'nyumba yosanja ku Paris. Chitseko n'chokiya mkati, mtembo wa mtsikana waukankhira m'chumuni, ndipo mazenera akuoneka okhomedwa ndi misomali. Wofufuza wake, Dupin, amaganiza mobwerera m'mbuyo: popeza wakuphayo sakanatulukira pena, ndiye kuti anatulukira pa zenera, ndipo ngati ndi choncho, msomali umodzi uli ndi vuto. Akaugwira apeza kuti ndi wothyoka m'kati, mutu wake wokha ndi umene ukuoneka ngati wakhoma. Wakupha ndi chinyani chachikulu chotchedwa orangutan chimene chinathawa kwa mwini wake, wogwira ntchito m'sitima ya pamadzi. Anthu amakumbukira nyaniyo, koma kwa ine pamene Poe anaonetsa nzeru ndi pa mboni. Anthu a mitundu yosiyanasiyana anamva mawu achilendo m'chipindamo, ndipo aliyense analumbira kuti chinali chilankhulo chakutichakuti, nthawi zonse chimene iye mwini sachidziwa. Palibe anamvapo liwu ngakhale limodzi lomveka. Yankho linali pomwepo, m'kamwa mwa mboni, kuti amene ankafuulayo sanali munthu.

Arthur Conan Doyle anabwera ndi nyama inanso mu 1892, mu The Adventure of the Speckled Band. Bambo wopeza akupha mwana wake wamkazi ndi njoka imene imadzera pa kabowo kolowera mpweya, n'kutsetsereka pa chingwe cha belu mpaka pa bedi. Njokayo akuti imamwa mkaka ndipo imabwerera ikamva mluzu. Aliyense amene anakulira kumene kuli njoka apukusa mutu pamenepa, pakuti njoka ilibe makutu akunja ndipo siitanidwa ngati galu. Komabe nkhaniyi siifa, ndipo Doyle mwiniwake anaiika pa nambala 1 pamene ankasankha nkhani zake zabwino za wofufuza wake, Sherlock Holmes, mu 1927. Chimene chimaisunga ndi zinthu zitatu zimene Holmes amaziona m'chipindamo: chingwe cha belu chosalumikizidwa ku belu aliyense, kabowo ka mpweya kopita m'chipinda china m'malo mopita panja, ndi bedi lokhomeredwa pansi kuti lisasunthe. Ukangomva za bedilo thupi limachita tsembwe, usanadziwe n'komwe chimene chikubwera.

Mpaka pamenepa alembi ankafunafuna kabowo. Kodi n'chiyani chingadutse pamene munthu sangadutse? Kusintha kwenikweni kunabwera pamene wina anazindikira kuti bowo lalikulu silili pakhoma ayi, lili m'mutu mwa woonerera.

Munthu ameneyo anali Israel Zangwill, ndipo nkhani yake, The Big Bow Mystery, inatuluka m'zigawozigawo m'nyuzipepala ya The Star ku London mu 1891. M'mawa wina wa chifunga, mayi wochititsa lendi akugogoda pa chitseko cha mlendi wake, Arthur Constant, koma kuli zii. Mantha amugwira, athamangira kutsidya kwa msewu kukaitana Grodman, wapolisi wofufuza milandu wopuma pa ntchito. Grodman athyola chitseko chimene chinali chokiya ndi chopiringidza mkati, alowa, afuula. Mayi uja aphimba kumaso. Constant ali pa bedi, khosi lodulidwa, lumo palibe. Mzinda wonse ukukangana za mmene wakupha anatulukira, pamene zoona zake n'zakuti pa nthawi imene chitseko chinkathyoledwa Constant anali moyo, ali m'tulo tofa nato chifukwa cha mankhwala amene Grodman anamupatsa dzulo lake. Anamupha ndi Grodman yemweyo, m'kamphindi kamene mayi anaphimba kumaso. Palibe chingwe, palibe makina, palibe nyama. Mayiyo anakwera masitepe akuyembekezera kuona mtembo, ndipo anauona usanakhalepo. Ndikamaganiza za nkhaniyi ndimaona kuti Zangwill sananamize wowerenga pa chilichonse chokhudza chitseko. Chinalidi chokiya. Ife tokha ndi amene tinaganiza kuti imfa inachitika chitseko chisanathyoledwe, ndipo palibe anatiuza zimenezo.

Mfalansa Gaston Leroux anatembenuza njomba yomweyi mu Le Mystère de la chambre jaune, imene inayamba kutuluka mu 1907. Mathilde Stangerson walowa m'chipinda chake chachikasu pakati pa usiku n'kudzikiyira, bambo ake ndi wantchito wokalamba ali m'chipinda choyandikana nacho, pafupi ndi chitseko chokhacho chimene chilipo. Posakhalitsa amva kukuwa, mipando ikugwa, mfuti ikulira. Athyola chitseko n'kumupeza ali pansi wovulala m'mutu, pakhoma pali chidindo cha dzanja lamagazi, zenera lili ndi zitsulo, ndipo mulibe munthu wina. Amene amamasula mfundoyi ndi mtolankhani wa zaka 18, Rouletabille. Munthu anamuukiradi mtsikanayo, koma maola angapo m'mbuyomo. Iye anabisa mabala ake chifukwa anali ndi chinsinsi chimene sankafuna kuti bambo ake adziwe. Usiku analota zoopsa zija, n'kudzambatuka, kugwetsa tebulo mpaka mfuti kugwa pansi n'kulira yokha, kenako kugwa ndi kumenyetsa mutu pa ngodya ya tebulolo. Kwa Zangwill imfa inabwera mochedwa kuposa mmene tinkaganizira, kwa Leroux chiwembu chinabwera msanga. Koma Leroux anawonjezera chinthu chimene ndimachiona kuti n'chamtengo wapatali. Chipindacho chinasanduka chosatheka chifukwa cha manyazi ndi mantha a munthu wovulazidwayo. Sikuti wina anakhala pansi kukonza chozizwitsa. Chinabadwa chokha kuchokera m'moyo wa mtsikana amene sakanatha kulankhula.

G. K. Chesterton anafupikitsa zonsezi mu The Invisible Man, nkhani ya mu 1911. Anthu anayi akulondera khomo la nyumba, onse akulumbira kuti sipanadutse munthu, koma mwini nyumba waphedwa ndipo mtembo wasowa. Bambo Brown, wansembe wofufuza milandu m'nkhanimo, azindikira kuti panadutsa wopereka makalata ndi chithumba chake. Onse anamuona, koma palibe anamuwerengera ngati munthu. Ena amati yankholi ndi lokokomeza, ndipo mwina n'zoona kuti mlonda weniweni akanamutchula. Koma funsani aliyense wogwira ntchito yosesa m'maofesi ngati mabwana amadziwa nkhope yake.

Mfumu ya nkhanizi, mosakayika, ndi John Dickson Carr, wa ku America amene anakhala zaka zambiri ku England. Mu The Hollow Man, buku la mu 1935, anaika zosatheka ziwiri usiku umodzi. Mlendo wobisa nkhope alowa m'chipinda chowerengera cha Pulofesa Grimaud mboni zikuona, mfuti ilira, chitseko chitsegulidwa mokakamiza, mlendo palibe, ndipo chipale chofewa chimene chagwa padenga ndi pabwalo chilibe phazi ngakhale limodzi. Munthu wachiwiri awomberedwa chapafupi pakati pa msewu, anthu ali kutsogolo ndi kumbuyo kwake, koma pa chipale pali mapazi ake okha. Mu 1981 mlembi Edward D. Hoch anafunsa alembi ndi akatswiri 17 kuti asankhe buku lopambana la mtunduwu, ndipo ili ndi limene linatsogola. Chodabwitsa chili pa mutu 17. Wofufuza wake, Dr Gideon Fell, amaimitsa nkhani n'kunena poyera kuti iwo ndi anthu a m'buku ndipo palibe chifukwa chonamizira, kenako n'kuyala njira zonse zopangira chipinda chokiya. Amazigawa pawiri. Mwina wakupha sanalimo m'chipindamo: inali ngozi yooneka ngati chiwembu, kapena kudzipha, kapena msampha wotcheredwa kale, kapena chida chinachokera kunja, kapena nthawi ya imfa yasokonezedwa. Apo ayi analimo ndithu, koma anaseweretsa chitseko: kupotoza kiyi ali kunja, kukoka mpiringidzo ndi ulusi, kumasula mahinjesi, kapena kubisa kiyi m'manja n'kunamizira kuti wamupeza pa loko chitseko chitathyoledwa. Carr anaulula zida zake zonse buku lisanathe, n'kupusitsabe owerenga pa mapeto.

Pamenepa m'pamene funso la kubweretsa zatsopano limafika povuta. Ngati njira zonse zinalembedwa kale mu 1935, nanga wolemba lero watsala ndi chiyani? Ndamvapo anthu akunena kuti mtundu wa nkhanizi unatha, kuti chitsime chinaphwa. Sindigwirizana nawo, ndipo umboni wanga ndi Carr yemweyo. Patangopita zaka zitatu, pogwiritsa ntchito dzina lakuti Carter Dickson, analemba The Judas Window. Mnyamata wapita kukaonana ndi apongozi ake amtsogolo, amwa kachasu wa Azungu amene amupatsa, akomoka, ndipo podzuka apeza bambo aja atafa ndi muvi pachifuwa, chitseko cholemera chili chopiringidza mkati, mazenera ali ndi zotsekera zachitsulo. Loya womuteteza, Sir Henry Merrivale, auza khoti kuti wakupha anagwiritsa ntchito kazenera kamene kali pafupifupi m'chipinda chilichonse, kungoti anthu sakaona. Sindiulula. Ndingonena kuti nditamaliza bukulo ndinadzuka kukayang'ana chipinda changa, ndipo kanalipo. Njirayo imalowa bwinobwino m'kaundula wa Dr Fell, koma kaundulayo sakuthandiza kuiona.

Palinso nkhani ya mpikisano wa Carr ndi mnzake Clayton Rawson, yemwe anali katswiri wa masewera ophimba anthu m'maso. Anagwirizana kuti aliyense alembe za chipinda chimene mipata yake yonse, ya chitseko ndi mazenera, yamatidwa ndi mapepala a guluu cha mkati. Carr anatulutsa He Wouldn't Kill Patience mu 1944, Rawson anatulutsa From Another World mu 1948. Funso limodzi, mayankho awiri osafanana ngakhale pang'ono. Kudziwa mitundu ya misampha sikutanthauza kuti sukodwa, chifukwa chimene chimakukola ndi pamene msamphawo waikidwa ndiponso chimene wakuchititsa kuyang'ana pa nthawiyo.

Muyeso umene ine ndimayesera nkhani zoterezi si wakuti “anatuluka bwanji?” koma “anavutikiranji kukiya?” Munthu wanzeru zake akapha mnzake amafuna mlandu ugwere wina kapena uoneke ngati ngozi. Kusiya mtembo m'chipinda chosatheka ndi kuitana dziko lonse kuti lidzaone. Raymond Chandler anadzudzula nkhani za Angelezi pa mfundo yonga imeneyi mu 1944, m'nkhani yake The Simple Art of Murder, ponena kuti anthu ake amapha kuti pangopezeka mtembo wokambirana, osati pa zifukwa zimene anthu enieni amaphera. Pa nkhani zambiri za chipinda chokiya ananena zoona. Ndawerengapo zina zimene wakupha amamanga makina a zingwe, mapini ndi madzi oundana amene sangagwire ntchito ngakhale utawayesa kakhumi, popanda chifukwa china koma chakuti mlembi ankafuna kutionetsa kuti ndi wochenjera. Zoterozo zimanditopetsa. Koma zabwino zija zimayankha funsoli. Mwina wakupha ankafuna zioneke ngati kudzipha koma china chake chinalakwika. Mwina wovulazidwayo anathawira yekha m'chipinda n'kudzikiyira, n'kufera momwemo. Mwina mapulani anali ena, kenako nyengo inasintha. Ngakhale The Hollow Man, ndi zodabwitsa zake zonse, imaima pa mapulani amene anasokonekera pakati. Ndipo moyo weniweni nawo umatulutsa zoterezi mwa apo ndi apo. Mu 1929 ku New York, wochapa zovala wina dzina lake Isidor Fink anapezeka atawomberedwa m'chipinda chake chokiya mkati, moti anachita kukweza kamnyamata kuti kalowere pa kazenera ka pamwamba pa chitseko. Mfuti sinapezeke, ndipo mlanduwo sunamasulidwe mpaka lero.

Kumene ndinaphunzira zambiri za kubweretsa zatsopano ndi ku Japan. Kumeneko kunali maganizo akuti nyumba zawo zakale, za matabwa ndi zitseko za mapepala zongokankha, sizingabereke nkhani ya chipinda chokiya. Edogawa Rampo, amene anatenga dzina lake lolembera kuchokera kwa Edgar Allan Poe, anayamba kutsutsa zimenezi m'ma 1920. Koma amene anatseka pakamwa onse ndi Seishi Yokomizo, ndi buku lake la mu 1946 limene m'Chingelezi linatuluka mu 2019 ndi mutu wakuti The Honjin Murders. Ndi usiku wa ukwati m'banja lakale lolemekezeka la kumudzi. Mkwati ndi mkwatibwi agona m'kanyumba kapadera. Mbandakucha anthu amva kukuwa, kenako kulira kwa koto, choimbira cha nsambo 13. Akathyola apeza onse awiri atafa, nyumba yotseka mkati, lupanga lamagazi litazikika panja, ndipo chipale chozungulira nyumbayo chilibe mapazi. Yankho lake lili ndi makina, chinthu chimene ndanena kuti chimanditopetsa, koma apa ndimagonja. Chilichonse chimene chinagwira ntchito ndi cha pakhomo pomwepo, cha m'munda ndi m'mudzi umenewo, ndipo Yokomizo amakuonetsa chimodzichimodzi poyamba pomwe, ngati akungofotokoza kukongola kwa malo. Kuposa apo, chifukwa chimene anthu awiriwa anafera sichikanachokera ku London kapena ku Paris. Chinachokera m'kunyada kwa banja limene linkaona dzina lake kukhala lolemera kuposa moyo wa munthu. Yokomizo anawerenga Leroux ndi Carr, ndipo amawatchula m'bukumo mosabisa. Sanabise kumene anaphunzira, koma nyumba, zida ndi mtima wa mlanduwo n'zakwawo.

Nkhani zoterezi zitayamba kuzilala ku Japan, pamene owerenga anatembenukira ku milandu yokamba za katangale ndi mavuto a anthu wamba, Soji Shimada anazidzutsanso ndi The Tokyo Zodiac Murders mu 1981, ndipo Yukito Ayatsuji anatsatira ndi The Decagon House Murders mu 1987. Shimada amapita patali kwambiri. Mu Murder in the Crooked House muli nyumba yathunthu yomangidwa mopendekeka ku Hokkaido, ndipo kupendekekako kuli ndi ntchito yake. Ndimachita kakasi ndi kulimba mtima kwake, ngakhale mtima wanga umatsalira kwa Zangwill, amene anangofuna mayi mmodzi wamantha ndi kamphindi kamodzi.

Pali chifukwa china chimene nkhanizi zimandikhudzira, ndipo ichi si cha masewera. Kwathu kuno funso lakuti “walowera pati?” lili ndi yankho lokonzeratu. Ndalama zikasowa m'sutikesi yokiya, timati chitaka. Munthu akagona bwinobwino chitseko chili chopiringidza n'kupezeka m'mawa atauma, sipatenga nthawi kuti dzina la gogo wina wa kumapeto kwa mudzi liyambe kunong'onedwa. Dziko la Malawi lili ndi lamulo la mu 1911 loletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, komabe timamva ndithu za okalamba omenyedwa, owotcheredwa nyumba, ena kuphedwa kumene. Sindikunena kuti buku la nthano lingathetse zimenezi. Koma nkhani ya chipinda chokiya imaphunzitsa khalidwe limodzi limene ndimalilakalaka pakati pathu, kupirira pamaso pa chinthu chosamvetsetseka. Carr ankakonda kudzaza mabuku ake ndi mphekesera za mizukwa, matemberero ndi akufa otuluka m'manda, mpaka wowerenga kutsala pang'ono kukhulupirira. Kenako wofufuza amafunsa mafunso ozizira. Analowa koyamba ndani? Kiyi wina amasunga ndani? Nthawi imene mukunenayo munaiona pa wotchi ya yani? M'chipindamo munali mbaula ya makala usiku, mazenera ali otseka? Funso lomalizali si la m'buku ayi. Utsi wosaoneka wa makala umapha anthu m'tulo m'nyumba zotseka m'nyengo yozizira, ndipo chitseko chimapezeka chokiya mkati.

Ndikamaganiza zimene Yokomizo anachita, ndimaona kuti wolemba wa Chichewa amene angafune kuyesa mtundu umenewu sasowa zipangizo. Sitifunika chipale chofewa pamene tili ndi bwalo losesedwa madzulo, limene m'mawa limaonetsa ngakhale mapazi a nkhuku, kapena matope a mu Januwale. Tili ndi nyumba za m'tauni zotchingidwa ndi zitsulo pa zenera lililonse, mpanda wa njerwa wokhala ndi magalasi oswa pamwamba, geti limodzi ndi mlonda amene amalumbira kuti sanagone. Tili ndi magetsi amene amazima n'kusokoneza aliyense za nthawi imene chinthu chinachitika. Tilinso ndi anthu athu osaoneka: mwana wotumidwa, mayi wogulitsa masamba, wa kabaza amene waima pa geti. Ndipo koposa zonse tili ndi zifukwa zathu zokhalira chete, ulemu kwa akulu, kuopa kuchititsa manyazi banja, nkhani za malo ndi chuma cha masiye, zimene zingachititse mboni yoona mtima kubisa kachinthu kamodzi kamene kakanamasula zonse. Vuto lingakhale kupirira pomanga, pakuti nkhani yotere imalembedwa kuyambira kumapeto, ndipo msomali uliwonse uyenera kuyesedwa ngati ukugwiradi.

Amene akufuna kulawa asanagule buku angayambe ndi nkhani yaifupi imene sindinaiulule, The Problem of Cell 13 ya Jacques Futrelle, mtolankhani wa ku America amene anafera pa sitima ya Titanic mu 1912. Inatuluka mu 1905 m'nyuzipepala ya Boston American, ndipo poti ndi yakale imapezeka mwaulere pa intaneti. Mulibe mtembo, mulibe magazi. Pulofesa Van Dusen akuuza anzake awiri kuti palibe ndende imene ingatsekere munthu wodziwa kuganiza. Iwo amutsutsa, ndipo usiku womwewo amutengera ku ndende ya Chisholm, m'chipinda cha oyembekezera kunyongedwa, atamusecha paliponse. Pakati pa iye ndi msewu pali zitseko zingapo zokiya, alonda ndi mpanda wautali wowala ndi magetsi usiku wonse. Iye walonjeza kutuluka pasanathe sabata, ndipo asananyamuke kunyumba wauza kale wantchito wake kuti adzakonze chakudya chamadzulo cha alendo pa tsiku lomalizalo. Asanamutsekere apempha zinthu zitatu zokha: mankhwala otsukira mano, ndalama zamapepala zokwana madola 25, ndiponso kuti nsapato zake azipolishe. Woyang'anira ndende aona kuti palibe choopsa pamenepo, ndipo amupatsa zonse zitatu.